Katebulo ka pakona ku laibulale, kumene ndinakafufuza agogo anga otchona

Pa maliro a mayi anga kwathu ku Dowa, mkulu wa mpingo amene ankawerenga mbiri ya malemu anafika potchula makolo. Dzina la amayi awo analitchula bwinobwino, mudzi ndi mfumu yomwe. Atafika pa bambo awo anayamba wakhala chete, anayang'ana amalume, amalume anazyolika, ndiye mkuluyo anangoti, "Bambo awo anatchona," n'kupitiriza kuwerenga. Ine ndinali pamphasa pafupi ndi bokosi. Mawu atatu amenewo ndinabwera nawo mpaka kuno ku Mzuzu ndipo anandisowetsa tulo. Munthu anabereka mayi anga, mayi anga anabereka ife asanu ndi awiri, ifenso tili ndi ana, ena mpaka zidzukulu, koma pa khamu lonse lija panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene munthuyo anachokera kapena kumene anagona.

Ine ndine telala. Ndimasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde la nyumba yanga ku Chibavi, ndipo ndakhala mu Mzuzu kuyambira 2005. Chiyambireni kufotokoza nkhaniyi kwa anzanga a kumvano, ambiri akhala akundifunsa kuti ndinayambira pati, ndinalipira zingati, nanga n'zoona kuti ku laibulale angakupezere agogo ako. Ndaona kuti ndilembe kamodzi, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti wofuna kupita apite akudziwa.

Amene anandilozera njira ndi kasitomala wanga wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndikumuyeza siketi. Anati pa laibulale ina m'tauni muno pali amayi oyang'anira mabuku amene mtima wawo wonse uli pa mbiri za mabanja. Dzina lawo sinditchula, chifukwa nditawapempha anakana. Anati akatchuka adzasowa nthawi ya ntchito imene anawalembera. Ndineneretu kuti iyi si ofesi yokhala ndi chikwangwani pakhomo. Ntchito yawo ndi kubwereketsa mabuku, kulemba makadi, kulongosola mashelefu ndi kuletsa phokoso. Za makolozi amachita mwa kufuna kwawo, Lachiwiri ndi Lachinayi masana anthu akachepa, pa katebulo ka pakona pafupi ndi kabati yagalasi mmene amatsekeramo mabuku a mbiri ya Malawi.

Ndinapita koyamba mu Juni, tsiku la kamvula kowaza kaja kamene kamagwa kuno dzuwa osaoneka mpaka madzulo. M'katimo munali mutadzaza ana a Folomu 4 okonzekera mayeso, aliyense m'jekete, ndi madala angapo owerenga nyuzi. Ndinanyamula chitini cha mabisiketi chimene tinachipeza pansi pa sutikesi ya mayi. Maganizo anga anali akuti akangochitsekula n'kulemba dzina pa kompyuta, agogo atulukira pomwepo.

Chitinicho sanachitsekule n'komwe. Anachikankhira pambali, anatulutsa kope latsopano, cholembera ndi pensulo, n'kunena kuti, "Amama, yambani mwandiuza zimene mukudziwa. Mapepalawa sathawa, tiwaona pambuyo."

Ndinawauza monga tinkamvera tili ana, kuti agogo anapita ku Joni ndi Wenela mayi akukwawa, ndipo anafera mu ndege imene inagwa ikubweretsa anthu a kumigodi. Ndikangotsiriza chiganizo, iwo ankafunsa funso lomwelomwelo: "Anakuuzani ndani? Iyeyo anaona ndi maso, kapena nayenso anachita kumva?" Poyamba zinandiwawa, chifukwa ndinkamva ngati ndili pabwalo la milandu pomwe ndinali ndikanali m'chisoni. Kenaka anandionetsa mmene amalembera, ndipo njira imeneyi ndi imene ndikuona kuti ikusiyanitsa thandizo lawo ndi la wina aliyense. Chimene wamva kwa munthu mmodzi amachilemba ndi pensulo. Anthu awiri oti sanapangane akanena chimodzimodzi, amadula mzere kunsi kwake, komabe ndi pensulo. Inki imagwira ntchito pokhapokha pepala lakale aliona ndi maso awo, ndipo m'mbali amalemba kuti pepalalo likusungidwa kuti. Tsiku loyambalo tinadzaza masamba atatu, koma za inki zinali ziwiri zokha: dzina la mayi ndi tsiku limene anatisiya. Ngakhale chaka chawo chobadwa chinalembedwa ndi pensulo. Pa chiphaso cha unzika chimene anajambulitsa mu 2017 panalembedwa 1950, koma chakacho anachita kuyerekeza, ndipo ife ankatiuza kuti anabadwa chaka cha njala, chimene anthu ambiri amatanthauza 1949. Amayiwo anandikumbutsa kuti kulembetsa mwana aliyense wobadwa kwayamba kukhala kokakamiza mu 2015, dzulodzuloli, choncho anthu a msinkhu wa mayi ambiri alibe pepala la tsiku lobadwa.

Nkhani ya ndege anaigwira mofatsa koma sanaibise. Anati ngoziyo inachitikadi: ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo 1974, inapha anthu oposa 70, pafupifupi onse Amalawi obwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu kuno chifukwa cha ngoziyo. Koma anthu a Wenela ankapita pa kontalakiti, chaka ndi miyezi kapena zaka ziwiri, ikatha n'kuwabweza. Ambiri amene anatchona ndi amene anapita selefu, pansi, popanda wowalemba. "Munthu wochoka cha m'ma 1950 n'kukhala zii zaka zoposa 20, angapezeke bwanji m'ndege ya anthu a kontalakiti? Sindikuti n'zosatheka, amama. Ndikuti tisalembe ndi inki." Anawonjezera kuti mabanja ambiri amene awathandiza amamangirira wotayika wawo pa ngozi yodziwika. Ena amatchula ndegeyi, ena mgodi wa malasha wa Wankie umene unaphulika pa 6 Juni 1972 n'kupha anthu 427. Anati mtima wa munthu umafuna tsiku ndi malo oti uzilirirapo.

Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa kwambiri. Ndegeyo ndiyo inali manda okhawo amene tinali nawo, ndipo ndinaona ngati andilanda. Ndinatha sabata ziwiri osapitako.

Nditabwerera, chitini chija chinatsekulidwa. Munali envulopu yopanda kalata m'kati, chithunzi cha mwamuna wovala jekete lalikulu ataima pafupi ndi mpando, ndi kakhadi kofiirira kopindidwa kanayi, kodyedwa ndi njenjete m'mphepete. Amayiwo anakasamba m'manja, anayala pepala loyera patebulo, n'kutulutsa galasi lokuzira zinthu m'chikwama chawo. Anayamba ndi envulopu. Ine envulopu imeneyi ndinali nditaiona kambirimbiri, koma maso anga ankathera pa dzina la agogo aakazi lolembedwa kutsogolo. Iwo anapita pa sitampa. Anandipatsa galasilo kuti ndione ndekha: mutu wa mwamuna, ndi mawu akuti Southern Rhodesia. Anati ameneyo ndi mfumu George VI, amene anamwalira mu Febuluwale 1952. Pambuyo pake masitampa anayamba kukhala ndi mutu wa mfumukazi, ndipo kuyambira 1954, nthawi ya Chitaganya, ankalembedwa Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi. Choncho tisanawerenge chilichonse, sitampa yokhayo inatiuza dziko ndi nyengo. Kenaka anapendeketsa envulopuyo ku windo kuti kuwala kugwere m'mbali mwa chidindo cha positi. Chidindocho chinali chofufutika, koma zilembo zinayi zinaoneka, S, H, A, B, ndipo kunsi kwake manambala 51. Anadzuka, anakatenga buku lakale la mapu lothothoka chikuto, anayendetsa chala kum'mawa kwa Bulawayo mpaka chinaima pa Shabani, tauni ya mgodi wa asibesitosi imene lero ikutchedwa Zvishavane.

Agogo sanali ku Joni. Kwa anthu akumudzi nthawi imeneyo, aliyense wowoloka Zambezi ankati wapita ku Joni kapena ku Halale, zilibe kanthu kuti wathera kuti.

Apa ndi pamene anatenga cholembera. Koma taonani zimene analemba: "Kalata yopita kwa agogo aakazi inaponyedwa ku Shabani mu 1951." Sanalembe kuti agogo aamuna ankakhala ku Shabani. Nditafunsa, anati envulopu ikutiuza za kalata, siikutiuza za munthu. Mwina anapatsira mnzake kuti akaponye. Kusamala kotereku kumatopetsa, sindinama, koma ndi kumene kunandichititsa kuwakhulupirira pa zonse zotsatira.

Kakhadi kaja ndiko kanatembenuza nkhani yonse. Ine ndinkakaona ngati Chingerezi chakale chifukwa zolemba zake zinali zopotana, zosawerengeka. Iwo anangowerenga mizere iwiri n'kundiyang'ana. "Amama, ichi n'Chitumbuka." Inali kalata yosamutsira mkhristu kuchoka ku mpingo wina wa pansi pa mishoni ya Loudon, ku Embangweni m'boma la Mzimba. Anandifotokozera kuti a Livingstonia ndi a Blantyre anaphatikizana mu 1924 kupanga CCAP, a Nkhoma n'kulowamo mu 1926, ndiye munthu wa ku Mzimba ankatha kunyamula kalata yake kukaipereka kwathu ku Dowa, kumene amishoni a Dutch anayambira ntchito pa Mvera mu 1889. Dzina limene linali pa khadilo silinali limene ife tinkalidziwa, ndipo mfunda wake unali wa kumpoto kuno.

Za mayinazi ndikufuna aliyense wofufuza amve. Mwamuna mmodzi wa nthawi imeneyo ankatha kukhala ndi mayina anayi: la ubwana, la ubatizo, la kuntchito lija ankadzipatsa kapena kupatsidwa ndi kapitawo, monga a Foloko ndi a Supuni, kenaka mfunda. Kwathu wolowa kudambwe ankatulukanso ndi lina. Pamwamba pa izi, kalaliki aliyense ankalemba monga wamvera m'khutu mwake. Ife tinkadziwa la kuntchito lokha, n'chifukwa chake zaka zonsezi tinkafunsa za munthu amene kwawo kunalibe womudziwa ndi dzinalo. Amayiwo anandilembetsa mayina onse pa tsamba limodzi, lililonse m'kalembedwe kake konse kotheka, mwina ndi L mwina ndi R, mwina ndi H mwina popanda.

Nanga wa ku Mzimba ankatani ku Dowa? Anati njira yake inali yodziwika. Dziko la M'mbelwa linalowa pansi pa boma la atsamunda mu 1904, msonkho unatsatira, koma ntchito ya ndalama kumeneko inali yosowa, ndiye anyamata ankatsika pansi kulowera kumwera. Ena ankaima m'minda ya fodya ya ku Dowa ndi Lilongwe kuti apeze kamba wa paulendo, ena n'kukwatira komweko, kenaka ulendo n'kupitirira.

Pali chinthu china chimene chinatichedwetsa, koma chinanditsekula maso kuposa zonse. Amayiwa ali ndi fomu yosindikiza yolembapo mtundu, ndipo fomuyo imakwera ndi bambo: bambo ako, bambo a bambo ako, choncho mpaka pamwamba. Kwa anthu akuno, kumene mwana ndi wa kuchimuna ndipo mkazi amalowoledwa, fomuyo imakwana bwino. Ine banja langa linakana kulowamo. Ndikati amalume, amene kwathu ndiwo mwini mbumba, panalibe kabokosi kawo. Ndikati mayi aang'ono ndi mayi aakulu, onse ankathera m'mbali ngati alendo, pomwe kwathu mudzi ndi iwowo. Iwo anavomera kuti fomuyo sanaipangire Achewa. Lachinayi lotsatira ndinabwera ndi pepala langa lakhaki lodulira mapatani, tinaliyala patebulo mabuku atatsindira m'makona, n'kujambula mbumba yathu kuyambira kwa agogo a agogo aakazi kutsika, amuna okwatira akulowa cha m'mbali. Titamaliza ndinaona ndi maso chifukwa chimene agogo anatayikira. Kwathu anali mkamwini, mlendo. Ana ndi a kuchikazi, ndipo mkamwini akachoka mudzi suona kuti wagumuka. Kwawo nako, mwana wobadwa popanda malowolo sankawerengedwa pa mtundu, ndiye mayi anga kumeneko kunalibe. Mbali iliyonse inasunga mbiri yake mokhulupirika monga mwa mwambo wake, koma munthuyu ndi mwana wake anagwera pakati. Sikuti wina anachita nkhanza. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana kamzere kamene kanalumikiza dzina lawo ndi la agogo aakazi, ndipo mkwiyo umene ndinali nawo pa amalume chichokereni kumaliro unatha tsiku limenelo.

Akakupatsani ntchito yokachita kunyumba, kachiteni, chifukwa mukabwera chimanjamanja amakubwezani mwaulemu. Ine ananditumiza kwa amoyo. Anati mabuku adikira, koma nkhalamba sizidikira. Anandiphunzitsa kujambula mawu pa foni, kuyamba ndi kutchula tsiku, malo ndi amene akulankhula, ndiponso kusamuikira munthu mawu m'kamwa. Usafunse kuti, "Kodi anali Mtumbuka?" Funsa kuti, "Ankalankhula bwanji?" Nditapita ku Dowa pa tchuthi cha ana, mayi aakulu ena a msuweni wa mayi anati ankamva kuti mkamwiniyo Chichewa chake chinali chokhota. Mdala wina wa mudzi woyandikana, amene anali mnyamata woweta mbuzi nthawi imeneyo, anati ana ankamutsatira pambuyo akumuyeserera kunena kuti "yewo". Awiriwa sanapangane, ndiye mzere unadulidwa kunsi.

Kalata yopita kwa mlembi wa mpingo wa kumeneko anandilembera okha m'Chitumbuka chaulemu, ine n'kungosaina. Tinadikira sabata 11. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekhako kunali kutandithera. Yankho linabwera pa WhatsApp: chithunzi cha tsamba la kaundula wa ubatizo, theka lakunsi litadyedwa ndi chiswe, koma mzere wathu unali pamwamba. Dzina lomwe lija la pa khadi, mudzi, dzina la bambo ake, ndi chaka, 1938.

Ndinanyamuka Loweruka m'mamawa, kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa chifunga chili tolo, kukatsika pa Jenda, n'kukwera njinga yamoto mpaka kumudziko. Anandilandira ndi mayi wachikulire wa zaka zoposa 80, mwana wa mkulu wawo wa agogo. Chichewa ankamva pang'ono, mdzukulu wawo ndiye ankamasulira. Nditatchula dzina la ubatizo lija anandikonza katchulidwe, n'kukhala chete nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi. Anati bambo awo anasunga ng'ombe imodzi m'khola zaka zambiri, akuti ndi ya mng'ono wawo akadzabwera, ndipo sankalola kuti igulitsidwe ngakhale chaka cha njala. Sankadziwa kuti ku Dowa kuli mwana. Anandigwira dzanja osalisiya mpaka nsima inafika. Koma anandiuzanso china chimene sindinkafuna kumva: agogo pochoka anasiya mkazi wina kumudziko, amene anadikira mpaka abale ake anadzamutenga.

Nditabwerera ku laibulale ndinapempha kuti za mkazi woyambayo tisalembe, chifukwa zikanawawa abale anga. Amayiwo anati, "Kopeli ndi lanu, amama, mukafika kunyumba mukhoza kufufuta. Koma ine pano sindisankha zolemba. Mayi ameneyo nayenso anali mwana wa munthu." Analemba ndi pensulo. Mpaka lero sindinafufute.

Tsopano zovuta zake, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Nthawi ndi yochepa kwambiri, masana awiri pa sabata, ndipo akaitanidwa ku msonkhano kapena mnzawo akadwala, katebuloko kamakhala kopanda munthu. Ine ndinapita katatu n'kubwerera osawapeza, nditatseka makina tsiku lonse mayunifolomu akudikira, popeza nambala ya foni sapereka kwa munthu watsopano ndipo palibe buku lolembetsa tsiku. Makina a fotokope anali owonongeka miyezi iwiri yathunthu, ndiye ndinkatuluka ndi mapepala anga osalimba aja kukajambulitsa m'tauni mvula ikuwaza. Kompyuta ndi imodzi, magetsi akazima basi, ndipo intaneti nthawi zambiri tinkagwiritsa ya pa foni yanga. Malowo alibenso chinsinsi. Nkhani za mitala, za ana a kunja, za amene anamangidwa, umazinena monong'ona ana a sukulu ali pambali pako. Tsiku limene ndinalira, mtsikana wina anachita kusuntha mpando. Akanakhala ndi kachipinda ngakhale kakang'ono, zikanathandiza. Komanso amayiwa si munthu wotonthoza. Ali ndi chifundo, koma chifundo chawo chili m'ntchito, osati m'mawu. Wofuna kusisitidwa pamsana apite ndi mnzake.

China n'chakuti mphamvu zawo zili kumpoto. Mbiri ya Angoni a Zwangendaba chiwolokereni Zambezi mu Novembala 1835, ufumu wa Chikulamayembe ku Nkhamanga, Atonga a ku Nkhata Bay, kusamuka kwa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881 kenaka ku Khondowe mu 1894, zonsezi amazinena osatsekula buku, ndipo amadziwa kuti kalata yotere ipite kwa yani. Za kwathu m'chigawo cha pakati amangokulozera njira. Ine ndinachita mwayi kuti ulusi wanga unathera ku Mzimba. Wa ku Dedza kapena ku Mulanje adzapindula ndi njira yawo yofufuzira, koma miyendo idzakhala yake.

Pa za intaneti sanandinamize. Tinayesa pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mbiri za mabanja, osapeza kanthu, ndipo anati mayina a anthu wamba a kuno ambiri sanalowemo. Za ku National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za dziko ku Zomba, imene inakhazikitsidwa mu 1947, anandilangiza kuti ndisawononge ndalama ya basi ndisanakhale ndi dzina lenileni, mudzi, mfumu ndi chaka, chifukwa mafailo ambiri kumeneko ndi a kayendetsedwe ka boma, ndipo zambiri za zaka zoyambirira zinapsa pamene maofesi a boma ku Zomba anagwira moto mu 1919. Anati amene kholo lawo linali msilikali wa Keyala, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ali ndi mwayi woposa, poti asilikali anali ndi manambala, ndipo mayina a ena amene anafa pa nkhondo ya Chiwaya, yoyamba ya dziko lonse, analembedwa pa chipilala cha ku Zomba.

Moto ndi nkhani imene amabwerezabwereza. Nditawafunsa chimene chinawayambitsa zonsezi, anatchula zinthu ziwiri: agogo awo aamuna, amene anamwalira iwo asanawafunse kalikonse, ndi moto umene unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015. Anati m'mawa wa tsikulo ataona phulusa la mabuku, anazindikira kuti pepala limene lili pamalo amodzi lili ngati kulibe. Kuyambira pamenepo pepala lililonse limene munthu wabwera nalo amalijambula, n'kumuuza kuti atumize chithunzicho kwa abale atatu okhala m'maboma osiyana. Pepala lenilenilo sasunga, amakubwezera tsiku lomwelo litakutidwa bwino. Nkhawa yanga ndi yakuti zonse zimene amadziwa zili m'mutu mwawo ndi m'makope awo, ndipo sindinaone wachinyamata aliyense amene akumuphunzitsa. Tsiku limene adzapume pa ntchito, katebuloko kadzangokhala katebulo. Akuluakulu a malaibulale athu akanaganizapo pa zimenezi.

Za ndalama: sanandilipiritse ngakhale tambala. Ndinalipira khadi la umembala monga aliyense, mafotokope, mabandulo a intaneti, ndi maulendo awiri, wa ku Dowa ndi wa ku Embangweni, amene ndiwo anadya ndalama zenizeni. Nditawapatsa envulopu ya zikomo anaibweza osaitsekula. Shuga anakananso. Chimene analandira ndi zikuto zansalu zimene ndinasokera mabuku atatu akale a m'kabati muja, ndipo anati zimenezo alandira chifukwa ndi za laibulale, si zawo.

Kodi ndikulimbikitsa anthu kupitako? Ee, ndi mtima wonse, makamaka amene akanali ndi nkhalamba yamoyo pamudzi. Koma amene akufuna kuti akamupezere umboni woti ndi wa ku banja lachifumu, kapena pepala lokapambanira mlandu wa malo, asataye nthawi. Ndinaona bambo wina akutuluka atakwiya chifukwa amayiwo anakana kulemba ndi inki zimene bamboyo ankafuna. Popita tengani kope, pensulo, ndi kalikonse kakale kamene kali m'nyumba, ngakhale kakuoneka kachabechabe: khadi la msonkho, la kusikelo, Baibulo lolembedwa mayina kuchikuto, chithunzi chokhala ndi chidindo kumbuyo. Musamate ndi selotepi, musachite lamineti, musadule sitampa.

Kumene agogo anagona sitinakupezebe. Mzere umenewo uli wopanda kanthu, ndipo nkhani ya ndege ikanali pa tsamba loyamba ndi pensulo yake, chizindikiro cha funso chili pambali. Talembera kalata mpingo wa CCAP wa ku Zimbabwe, umene unayamba ndi anthu a kuno opita kukagwira ntchito, kufunsa ngati dzinali likupezeka m'kaundula wa ku Zvishavane. Papita miyezi iwiri. Amalume anandiimbira kuti pokaika chiliza cha mayi ndidzabwere ndi kopelo, ndipo mdzukulu wa mayi wachikulire uja wa ku Embangweni wati adzatsagana nane.

Lachinayi lapitali ndinapitanso kukafunsa ngati yankho lafika. Pampando paja ndinapeza pali mnyamata wa kabaza, chipewa chili pabondo, atatulutsa mendulo ya agogo ake m'kapepala ka shuga. Amayiwo anandikodola kuti ndidikire pa benchi. Menduloyo anaikankhira pambali, anatsekula kope latsopano, n'kuyamba kusongola pensulo.